Pansi pa Napoli

Khomo lake lili kuseri kwa makina ochapira zovala
m'nyumba ya mayi Nunziata,
pakamsewu komwe dzuwa limangosuzumira masana n'kubwerera.
Timakankha makinawo, timatukula chivundikiro chachitsulo,
kenako masitepe oposa zana.
Ndinawawerenga tsiku loyamba lokha.

Ntchito yanga n'kusaka ming'alu.
Tochi pachipumi, choko m'thumba,
ndimalemba tsiku paliponse pomwe thanthwe layamba kuyasamula.
Paja mzinda uno unadzikumba wokha:
miyala inachoka pansi n'kukakhala makoma pamwamba,
nyumba iliyonse yakhalira dzenje lomwe inatulukamo
ngati munthu wogonera ngongole yake.

Mlongo wanga Carmela amafunsa pafoni Lamlungu lililonse:
"Catello, unasiya mitengo ya maolivi ya bambo
kuti ukasanduke mfuko?"
Ndimaseka, ndimafunsa za mbuzi zake.

Kuno kuli zii.
Kuzizira kwake n'kumodzimodzi, kaya Januwale kaya Ogasiti.
Pali njira ina yopanikiza moti umadutsa cham'mbali,
mimba utaikokera mkati, mapewa akukhula thanthwe.
Mnzanga Aniello anasiya mkate wausiku chifukwa cha njira imeneyo,
komabe imamugwira pa lamba.

Tsidya lake kuli chipinda chachikulu ngati tchalitchi
momwe anthu ankabisala mabomba akugwa.
Wina anajambula pakhoma mkazi wovala chipewa.
Wina anangolemba ndi msomali:
ndikatuluka ndikameta ndevu.
Pakona pali nsapato ya mwana, imodzi, yakumanzere.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndikuidutsa,
sindinaisunthepo.

Ndikazimitsa tochi, mzinda umatsika kudzandipeza.
Sitima ikadutsa patali imandinjenjemeretsa mano.
Madzi a munthu wosamba amayenda pamwamba pa mutu wanga.
Pachitsime chakale chomwe chinauma
pamatsika mkangano wa banja la Iovine,
za renti, za apongozi, za yemwe waiwala kutseka gasi.
Nkhope zawo sindizidziwa,
koma ndikudziwa kuti mwamunayo amapepesa pokazinga anyezi.

Tsiku lina ndikupima khoma pansi pa chitsimecho
ndinangoona dengu likutsika pachingwe, pang'onopang'ono,
likuzungulira m'kuwala kwa tochi.
M'katimo kapu ya khofi, nthunzi ili tolotolo,
ndi kapepala kong'amba pa kalendala:
"Iwe wapansiwe, timakumva ukutsokomola.
Usatigwetse."

Carmela, ndikuuze bwanji?
Kwathu kuphiri basi imabwera kawiri pa tsiku,
ndipo aliyense amandidziwa:
mwana wa Sabato, uja anathawa ukwati belu litalira kale.
Ndikayetsemula ku sitolo,
pofika kunyumba ndimapeza akundifunira mankhwala.
Kuno palibe wodziwa dzina langa
koma khofi amatsika.

Madzulo ndimakwera, maondo akudandaula.
Mayi Nunziata amandikalipira chifukwa cha fumbi lachikasu pamkeka wawo,
n'kundipatsira tomato awiri.
Ndikatuluka panja, phokoso limandimenya pachifuwa:
njinga zamoto zikupsepsa zigongono za anthu,
nsalu zoyanika zikudonthezera oyenda,
wogulitsa nsomba akutsitsa mtengo mokalipa,
mtsikana akulira pafoni, pizza ili m'manja,
ana akumenyetsa mpira pachitseko cha tchalitchi.
Onsewa akuponda pachabe
ndipo ena akudziwa.

Ndimaima pamphambano, fumbi likadali m'tsitsi.
Ndikudziwa kuti pansi pa shopu ya wometa
pali phanga lolowa mabasi atatu,
kuti mng'alu wa kumpoto wakula ngati chikhadabo chaka chino.
Wometayo akundikodola, mpando ulibe munthu.
Ndimalowa, ndimakhala pamwamba penipeni pa phangalo,
ndimatseka maso
lumo likuyenda pakhosi.